Ulendo wa pa ngalawa ya thanga m'chilimwe: chonyamula n'chiti, chosiya n'chiti?

Pa Nyanja ya Malawi pali nyengo ziwiri zoyendera ngalawa ya thanga, ndipo iliyonse imafuna katundu wake. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yozizira yochokera chakummwera, yomwe imautsa mafunde aakulu moti asodzi amatha masiku angapo mabwato ali pamtunda. Ukafika Okutobala ndi Novembala mwera wagona, kumawomba kampoto mwa apo ndi apo, ndipo ku Mangochi, Monkey Bay, Salima ndi Nkhotakota kutentha kumapitirira madigiri 35 masana. Ndikulemba za nyengo yachiwiriyi, kwa munthu amene akukakhala masiku atatu, asanu kapena sabata pa ngalawa, kaya kuzungulira zilumba za Domwe, Thumbi ndi Mumbo ku Cape Maclear, kaya kulowera kumpoto mpaka ku Likoma ndi Chizumulu.

Ambirife tikamva kuti kukatentha timaganiza zochepetsa zovala pathupi: kakabudula, kamalaya kopanda manja, basi. Pamtunda zimenezi zimathandiza chifukwa dzuwa likakula mumathawira pansi pa mtengo wa mango. Pakati pa nyanja mtengo mulibe. Mthunzi wa thanga umasuntha nthawi iliyonse ngalawa ikatembenuka, dzuwa limakumenyani kuchokera kumwamba komanso kunyezimira kuchokera m'madzi, ndipo kamphepo ka panyanja kamakunamizani kuti simukupsa. Choncho posankha chilichonse ndimafunsa zinthu zitatu: kodi chimandiphimba ku dzuwa, chikanyowa chimauma msanga, nanga chikwanira m'malo ochepa a m'ngalawa?

Choyikamo katundu

Sutikesi yolimba ya mateyala ndi yabwino pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu. Pa ngalawa ndi mtolo. Timakabati ta m'ngalawa timakhala pansi pa mipando ndi pansi pa bedi, pakamwa pake ndi popapatiza, ndipo mkati mwake ndi mokhota motsatira thupi la ngalawayo. Sutikesi siilowa. Imangokhala panjira, anthu n'kumaipunthwa, ndipo mateyala ake amakanda matabwa. Komanso m'malo ambiri a m'mbali mwa nyanja yathu mulibe doko lomangidwa. Ngalawa imaponya nangula patali pang'ono, inu mumakwera kabwato kakang'ono, kenaka mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo katundu ali pamutu. Amene anayendapo pa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, akudziwa mmene zimakhalira m'madoko ena potsika.

Chikwama chofewa cha nsalu yolimba, chija cha zipi yaitali ndi zogwirira ziwiri, chimapindika mukachotsamo zinthu ndipo chimalowa paliponse. Vuto lake madzi amadutsa. Chikwama chobereka kumsana chimasiya manja anu ali omasuka, zomwe zimathandiza podumpha kuchoka m'kabwato kupita m'ngalawa, koma timalamba take tambirimbiri timakola pa zingwe. Pali zikwama zina zopangidwira m'madzi, zapulasitiki yochindikala, zomwe mumapinda pakamwa katatu n'kumanga. M'masitolo amazitcha dry bag. Zimenezi madzi salowa, koma zazikulu ndi zodula ndipo kupeza kanthu kali pansi kumafuna kukhuthula zonse.

Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kuphatikiza: chikwama chofewa chimodzi cha zovala, mkati mwake zovalazo zitakulungidwa m'majumbo ochindikala, ndi dry bag yaing'ono ya foni, ndalama, mankhwala ndi mapepala. Amene sangathe kugula dry bag asadandaule. Kachidebe kapulasitiki ka chivindikiro chothina kamagwira ntchito yomweyo, kamayandama kakagwera m'madzi, ndipo kamasanduka pokhala. Chongoti muuze woyendetsa ngalawa kuti mubwera nako, chifukwa kachidebe sikapindika.

Nsalu yanji pathupi

Apa ndi pomwe pamafunika kuganiza mofatsa, chifukwa nsalu iliyonse ili ndi pomwe imapambana ndi pomwe imagwa.

Thonje ndi lozizira pakhungu, limamwa thukuta, ndipo silinunkha msanga. Koma likanyowa limagwira madzi. Tisheti yochindikala ya thonje ikanyowa madzulo, mmawa mumaipeza ikadali yachinyezi, ndipo mukaiponya m'kabati yotentha masiku awiri imayamba fungo la nkhungu. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti tisheti yoyera yopyapyala ikanyowa imalola dzuwa lambiri kudutsa kusiyana ndi ikakhala youma. Munthu amasambira nayo akuganiza kuti watetezeka, madzulo msana uli phuliphuli.

Nsalu za poliyesita, zija za ma jezi a mpira, zimauma m'kanthawi kochepa ndipo ndi zopepuka. Zolukidwa mothina zimatchinga dzuwa bwino. Koma zimasunga fungo la thukuta, ndipo mphepo ikaima masana zimamatirira pathupi. Zilipo zina zosokedwera osambira, za manja aatali, zolembedwa UPF 50 pa kansalu ka m'khosi. Nambala imeneyo ikutanthauza kuti mwa magawo 50 a kuwala kowotcha khungu, limodzi lokha ndi limene limadutsa. Ngati mukufuna kutha ola lathunthu mutayang'ana pansi kuonera mbuna m'miyala ya ku Thumbi kapena ku Otter Point, chovala chimenechi n'chofunika kuposa china chilichonse, poti msana ndi kuseri kwa khosi ndi zomwe zimakhala pamwamba pa madzi nthawi yonseyo.

Nsalu ya lineni imapitisa mphepo kuposa zonse ndipo imauma msanga kuposa thonje lochindikala. Imakwinyika, koma pa ngalawa palibe amene amayang'ana zimenezo. Yatsopano ndi yodula, komabe pa kaunjika malaya a lineni a manja aatali amapezeka ngati muli ndi mtima wofukula. Poyesa, kwezani malayawo muyang'ane kudzuwa: ngati mukuona bwinobwino zinthu za kuseri kwake, dzuwa lidutsanso chimodzimodzi, asiyeni.

Nanga mungasankhe bwanji? Kwa sabata imodzi ndinganyamule malaya awiri otakasuka a manja aatali ndi kolala, a lineni kapena thonje lopepuka, ovala masana. Chovala chimodzi cha poliyesita chosambira nacho. Matisheti awiri a madzulo. Makabudula awiri ouma msanga. Ndi buluku limodzi lopepuka lalitali, lovala dzuwa likalowa udzudzu ukayamba. Kolala ndi yofunika chifukwa mumaiimika n'kuphimba khosi. Jinzi isiyeni kunyumba. Ndi yolemera, ndi yotentha, ikanyowa imatenga tsiku lonse, ndipo munthu akagwa nayo m'madzi imamulemera miyendo. Kajuzi kamodzi kopepuka kapena kajekete kotchinga mphepo katengeni ndithu, chifukwa chakum'mawa pamadzi pamazizira, ndipo kumapeto kwa Novembala mvula yoyamba imatha kugwa mwadzidzidzi ndi mphepo yake.

Chitenje ndachipatula dala. Pakati pa thaulo lalikulu la kubafa, kathaulo kopyapyala ka apaulendo ndi chitenje, ine ndimatenga zitenje ziwiri thaulo n'kulisiya. Thaulo lalikulu limadya theka la chikwama ndipo siliuma. Chitenje mumadzipukutira, mumachiyanika pa chingwe, pakapita mphindi zochepa chauma. Mumachimanga pakati pa zingwe ziwiri chikhale mthunzi, mumafunda usiku kukatentha moti bulangeti silingatheke, mumachinyowetsa n'kuchiika pamutu ndi m'khosi dzuwa likafika paliwombo. Ndipo mukatsikira m'mudzi, kaya ku Chembe kaya ku Usisya, mayi amangochimanga m'chiuno pamwamba pa zosambira, n'kuyenda pakati pa anthu mwaulemu. Kumudzi kwa eni ake sitiyenda ndi zovala zosambira. Abambo nawonso avale malaya akamalowa m'mudzi. Sankhani chitenje cha thonje chomwe chachapidwapo kangapo. Chatsopano chimakhala chouma gwa ndipo sichimwa madzi. Mutengenso zopanira zovala zingapo, apo ayi mphepo idzakulandani.

Mutu, maso ndi khungu

Kapu imateteza mphumi ndi mphuno, makutu ndi khosi zili pambalambanda. Chipewa cha mlaza chimene amagulitsa m'misewu ya kunyanja chili ndi mthunzi wabwino ndipo n'chozizira, koma chimauluka, ndipo chikanyowa kawiri katatu chimayamba kumasuka. Chipewa cha nsalu cha mlomo wozungulira chokhala ndi chingwe cha pachibwano ndi chimene chimapirira: chimapindika, chimachapika, sichiuluka. Ngati mwakonda cha mlaza, chisokereni chingwe musananyamuke. Woyendetsa sangatembenuze ngalawa ili pa liwiro chifukwa cha chipewa.

Magalasi a dzuwa ali mitundu iwiri yoti muisiyanitse. Akuda chabe, opanda chotchinga kuwala kowononga maso, ndi oipa kuposa kusavala, chifukwa mumdima wa galasilo kamwana ka diso kamatseguka kwambiri ndipo kuwala koipako kumalowa kochuluka. Funani olembedwa UV400, omwe amatchinga kuwala koipako. Amene amatchedwa polarized amachotsanso kunyezimira kwa pamadzi, moti mumatha kuona miyala ndi nsomba pansi. Oyendetsa ngalawa amawakonda pa chifukwa chimenecho. Odula kwambiri sindingakulangizeni. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo ngakhale pa mamita khumi magalasi akagwa apita. Amangireni kachingwe kakukhosi.

Tsopano za mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Pali chikhulupiriro chakuti ife akhungu lakuda sitipsa. Timapsa, kungoti mochedwerapo, ndipo sizioneka kufiira koma mumamva kuwawa posamba, kenaka mphuno, mapewa ndi milomo zimayamba kusupuka. Mafuta olembedwa SPF 30 pa botolo amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya kuwala kowotcha, a SPF 50 pafupifupi 98. Kusiyana n'kochepa. Chachikulu ndi kudzola okwanira ndi kubwereza pakatha maola awiri alionse, komanso mukangotuluka m'madzi. Botolo lalikulu la SPF 30 limene mudzola mosaumira liposa kabotolo ka SPF 50 kamene mukukasunga. Mafuta opopera ndi osavuta pamtunda, koma pa ngalawa mphepo imawauluza, theka limagwera pansi n'kuchititsa poterera. Tengani odzola ndi manja, ndipo mukadzola pukutani zikhatho musanagwire chingwe. Musaiwale pamwamba pa mapazi, m'makutu ndi kuseri kwa mawondo. Vaselini ndi mafuta wamba odzola satchinga dzuwa.

Anthu awiri ndiwatchule mwapadera. Abale athu achialubino afunika SPF 50, malaya a manja aatali, buluku lalitali ndi chipewa chachikulu tsiku lonse, ndipo musanalipire ulendo funsani ngati ngalawayo ili ndi denga la nsalu pamalo okhala, chifukwa kwa iwo kupsa ndi dzuwa mobwerezabwereza kumabweretsa khansa ya pakhungu. Winayo ndi amene amadzola mafuta oyeretsa khungu: khungu lotere limakhala lopyapyala ndipo limapsa msanga kwambiri.

Kumapazi

Oyendetsa ambiri amafuna muvule nsapato mukakwera, ndipo phazi lopanda kanthu limagwira bwino pansi. Koma masana a Okutobala pamwamba pa ngalawa pamatentha ngati chiwaya cha chipisi, ndipo pali tizitsulo tomangirira zingwe tomwe timathyola chala chakuphazi. Patapata ndi wabwino pamchenga basi. Akanyowa amaterera, amavuka, ndipo podumphira m'kabwato ndiye amagwetsa munthu. Masandasi a malamba omanga kuchidendene, a mphira pansi, ndi amene amakwanira ponseponse: pa ngalawa, m'madzi potsika, ndi pokwera miyala ya pachilumba. Nsapato zansalu za pansi poyera zimateteza zala bwino koma zimachedwa kuuma. Za pansi pakuda zimasiya mizere pa ngalawa ya eni. Masandasi amodzi ndi patapata mmodzi zakwana.

Madzi akumwa ndi mankhwala

Mwazunguliridwa ndi madzi opanda mchere, koma musamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala, makamaka pafupi ndi midzi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Funsani eni ngalawa ngati madzi akumwa ali pa mtengo wa ulendo. Ine ndimawerengera malita atatu kapena anayi pa munthu patsiku nyengo imeneyi. Mabotolo ang'onoang'ono ogula amadzaza malo ndipo akatha amasanduka zinyalala zoti muyende nazo mpaka kumtunda, pakuti dera la Cape Maclear ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Chigubu chachikulu cha onse, aliyense ndi botolo lake lothiramo, ndi njira yabwino. Botolo lachitsulo la makoma awiri limasunga madzi ozizira mpaka madzulo, pomwe lapulasitiki likakhala padzuwa ola limodzi madzi ake afunda. Ngati muli ndi lapulasitiki lokha, likulungeni m'nsalu yonyowa muliike pamphepo.

Thukuta limachotsa mchere m'thupi, choncho timapaketi ta Thanzi ORS tisasowe. Timapaketito tikatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito. Mkodzo ukayamba kuoneka wachikasu kwambiri, kapena mutu kuwawa, thupi likupempha madzi. Mowa masana umawonjezera vutolo, ndipo munthu woledzera pa ngalawa yoyenda amaika moyo wake ndi wa anzake pachiswe.

Nseru ya pamadzi imagwira anthu ngakhale panyanja yathu ino. Mapiritsi ake alipo m'mafamase, monga cinnarizine ndi promethazine. Amagwira bwino mukamwa musananyamuke, koma amagonetsa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa achipatala. Jinja, wotafuna kapena wa mu tiyi, amathandiza ena ndipo sagonetsa, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa mafunde akakula. Chosalipira ndi kukhala panja pakati pa ngalawa, maso ali kutali komwe madzi akumana ndi thambo, osawerenga foni, m'mimba muli kanthu kopepuka monga nthochi kapena buledi.

Pakati pa nyanja udzudzu umachepa, koma ngalawa zimagona m'magombe, pafupi ndi bango, ndipo kumeneko ulipo. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET ndi buluku lalitali madzulo ndi zofunika, ndipo funsani ngati pogona pali neti. Ngati palibe, tengani yanu ndi chingwe chomangira. Kwa abale okhala ku Johannesburg, London kapena kwina kopanda malungo amene mukubwera kutchuthi: chitetezo chimene thupi linali nacho muli kuno chimatha mukakhala kunja zaka, ndipo ana obadwira kumeneko alibiretu. Kaonaneni ndi dokotala za mapiritsi oteteza. Pamenepanso pali kusankha. Doxycycline ndi wotsika mtengo, koma kwa anthu ena amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, chinthu choipa pa ulendo ngati uwu, ndipo mumapitiriza kumwa masabata anayi mutabwerera. Atovaquone-proguanil ndi wodula, alibe vuto la dzuwalo, ndipo mumamwa masiku 7 okha mutachoka. Muuzeni dokotalayo kuti mukakhala padzuwa tsiku lonse.

Likodzo lilipo m'madera ena a nyanjayi, makamaka m'madzi osaya, odekha, pafupi ndi midzi, momwe mumakhala nkhono zosunga tizilombo take. Palibe chovala kapena mafuta amene mungadalire kuti akutetezani. Kusambira kutali ndi gombe kumachepetsa chiopsezo. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono. Pamafunika papite masabata 6 mpaka 8 kapena kuposerapo, ndiye mukayezetse. Zina zonse ndi zazing'ono: Panado, mapulasitala, mankhwala otsukira bala, ndi mankhwala anu a masiku onse owonjezerapo a masiku awiri, poti mphepo ikasintha ulendo umatalika. Asungeni pamthunzi mkati mwa ngalawa.

Foni, magetsi ndi ndalama

Ngalawa zambiri za thanga zimadalira mabatire a 12V odzazidwa ndi injini kapena sola, ndipo magetsiwo ndi a nyali, wailesi ndi firiji poyamba, foni yanu pambuyo. Power bank yodzaza kale ndi yodalirika kuposa kasola kam'manja, kamene kamafuna kukhala padzuwa maola ambiri osasunthika, chinthu chovuta pa ngalawa yotembenukatembenuka. Ngati mukubwera pa ndege, power bank imayenda m'chikwama cham'manja, osati m'katundu wopita pansi. Foni siikonda kutentha kopitirira madigiri 35. Mukaisiya pampando padzuwa imazima yokha. Kathumba kapulasitiki koonekera kokoleka m'khosi kamaiteteza ku madzi, koma mkati mwake imatentha msanga, choncho muziibisa pansi pa malaya. Tochi yovala pamutu imaposa ya pafoni chifukwa usiku pa ngalawa dzanja limodzi liyenera kugwira penapake nthawi zonse. Laputopu isiyeni.

Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza komwe kuli netiweki, koma kuseri kwa zilumba ndi m'magombe a pansi pa mapiri a kumpoto imasowa. Msodzi amene wakuyandikirani ndi bwato lake mmawa, kampango ali m'manja, akufuna ndalama yogwirika ndipo chenje alibe. Nyamulani makwacha ang'onoang'ono, muwagawe pawiri, ena m'dry bag ena m'chikwama. Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho Mmalawi safunika pasipoti kuti afike kumeneko. Koma ngati ulendo wanu ukukhudza Cobué kapena Metangula, mwalowa dziko lina, ndipo pasipoti ikhale m'dry bag.

Chomaliza n'choti mufunse musanalipire. Ngalawa iliyonse yonyamula anthu iyenera kukhala ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo wamkulu angathe kudalira a m'ngalawamo atawaona ndi maso ake n'kuyesa limodzi. Kwa mwana ndi nkhani ina. Jekete la wamkulu pa mwana wa zaka zisanu limavuka kudzera kumutu akangogwera m'madzi. Ngati eni ngalawa alibe la msinkhu wake, lokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, gulani kapena bwerekani lanu, ngakhale litadya malo a zovala zina m'chikwama. Muyeseni kunyumba: mumangeni bwino, mumukweze pogwira m'mapewa a jeketelo, ndipo ngati likufika m'makutu ndi lalikulu, funani lina.